Silabu ya Che Jafali

Ndinayamba kudandaula za malo a malemu Che Jafali Lolemba lotsatira sadaka yawo. Kalatayo ndinakaipereka ndekha m'manja mwa wapampando wa komiti ya amisiri a pamsika pathu, ndipo anasaina pakope langa kuti alandira. Ndinalembanso Ramazani itangotha, nditapeza kuti denga la malata lachotsedwa. Kachitatu ndinalemba mwera utayamba, pamene usipa unayamba kuyanikidwa pamalopo. Kalata yachinayi ndi ya mwezi wathawu, tsiku limene ngolo inatsitsa njerwa ndi mchenga pambali pake. Makope onse ali m'sutikesi mwanga, osainidwa. Yankho lolemba palibe ngakhale limodzi. Chimene ndalandira ndi mawu a wapampando, amene anandikuwira ali panjinga, osatsika n'komwe, kuti, "Madala, nkhani yanu ija tikuiona!"

Sabata ino chakwana chaka chiwaikireni m'manda Che Jafali. Nkhani imene akuti akuionayo ndi iyi. Kuseri kwa msika kuli silabu ya simenti yokhala ndi dzenje pakati, pamene malemuwo ankawongolera mawilo akutsogolo a galimoto, ntchito imene madalaivala amati alayimenti. Swaleyi, mwana wa mlongo wawo, akufuna kuswa silabuyo kuti amangepo maokala. Malowo ndi a komiti, ndipo sangaswe komiti isanavomere. Amene analonjezedwa malowo ndi a Lameki, munthu amene anagwira ntchito ndi malemuwo mpaka imvi, koma lero akugwirira pamchenga m'mbali mwa msewu. Popeza ambiri m'komitimo ndi ana a dzulo, amene amangodziwa kuti kunali mdala wina wolusa wokhalira kunsi kwa galimoto, ndaona kuti ndilembe kuti munthuyo anali ndani.

Sindikubwera kudzawayeretsa. Che Jafali anali munthu wovuta, ndipo ine ndinakangana nawo kuposa aliyense amene sanali wachibale wawo. Anali wamfupi, wa mapewa aakulu, wa mzuli umene unayamba uli woyera koma palibe amene ankakumbukira zimenezo. Ukafika ndi galimoto n'kupereka moni, iwo anali atanyonyomala kale pa wilo lakutsogolo, akusisita tayala ndi chikhatho. Moni wako unkayankhidwa pambuyo pake, ndipo kutalika kwa yankholo kunkadalira zimene dzanja lapeza.

Ankati tayala silidziwa kunama, wonama ndi mwini galimoto. Dzanja likamayenda bwino popita koma n'kumakodwa pobwerera, ngati ukusisita mamba a chambo chakumbuyo, ankadziwa kuti mawilo awiriwo sakugwirizana. Mwina akuyang'anana kwambiri, mwina akufulatirana, ndipo msewu wonse akhala akukhulana ndi phula. Tayala likadyeka mbali imodzi yokha, mkati kapena kunja, ankati wilo lagona. Likadyeka pakati pokha ankakuthamangitsa, amvekere usawatayitse nthawi, pita ukachepetse mpweya kwa opopa njinga.

Asanagwire sipanala ankatsikira m'dzenje, a Lameki n'kumagwedeza chiwongolero uku ndi uku, iwo akugwira mfundo iliyonse ndi dzanja. Akamva kuti bolojointi kapena mutu wa thayirodi ukuwayawaya, ntchito inkathera pomwepo. Thayirodi ndi kachitsulo kamene kamalumikiza chiwongolero ndi wilo, ndipo kakadutuka galimoto ikuyenda, wilo limapita kumene lafuna, dalaivala n'kutsala akupotokola chiwongolero chopanda kanthu. Iwo ankati kuwongola mawilo pa chitsulo chotha n'chimodzimodzi kupesa tsitsi la munthu amene khosi lathyoka. Ambiri ankachoka akutukwana, chifukwa anabwera akuyembekezera ntchito ya kanthawi kochepa.

Zitsulo zikakhala zabwino, ankaimika chiwongolero pakatikati n'kuchimanga ndi chingwe kumpando. Kenako ankakoka ulusi mbali zonse ziwiri za galimoto, kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo. Unali ulusi wosokera ukonde, umene ankakagula okha kwa asodzi ku Senga Bay, chifukwa ankati wa m'sitolo umatamuka dzuwa likatentha. Ankayeza kuchokera pa ulusi kufika pa limu, chitsulo chimene tayala limavalapo, kutsogolo kwa wilo ndi kumbuyo kwake, n'kumapotokola thayirodi pang'onopang'ono, mbali zonse mofanana, kuti chiwongolero chisakhote. Akatha, onse amene anali pafupi ankaitanidwa kudzakankha galimotoyo kumbuyo ndi kutsogolo, kuigwedeza, iwo n'kuyezanso. Kugona kwa wilo ankakuona ndi nati yolendewera ku ulusi. Wina akadandaula kuti chiwongolero sichibwerera chokha akakhota, ankabwereka njinga ya wakabaza aliyense wodutsa, n'kumuonetsa momwe foloko yake inapendekera kumbuyo. Ankati njinga imayenda munthu atasiya manja chifukwa cha kupendeka kumeneko, ndipo galimoto nayo inabadwa nako, koma maenje a msewu wa ku Maganga ndiwo amakulanda.

Chimene chinkawasiyanitsa ndi amakaniko ena n'chakuti sankayeza galimoto yopanda kanthu. Ankati galimoto yopanda katundu ili ngati munthu wovala za pa Idi, sudziwa mmene amaonekera masiku onse. Ngati pikapu imanyamula nsomba, inkayezedwa matumba a mchenga ali kumbuyo, ndipo matumbawo ankakhala pomwepo chaka chonse. Dalaivala ankakhala pampando wake mpaka ntchito kutha, osaloledwa kutsika ngakhale kukagula madzi. Tsiku lina kunabwera dalaivala wowonda wa loji ina ya kunyanja, atavala malaya oyera. Ine ndinalipo, ndikudikira mzere.

"Imeneyi amayendetsa ndani masiku onse?" anafunsa Che Jafali.

"Abwana."

"Abwana akowo ndi aakulu bwanji?"

Dalaivala uja anaseka. "Aaa, ngati ine awiri. Mwina n'kutsalako."

"Lameki, thumba limodzi pamiyendo pa achimwenewa."

"Madala, malaya anga! Ndikukatenga alendo!"

"Ndiye pitani mukatenge abwanawo adzakhale okha. Ine mimba yawo sindingaiyeze pafoni."

Anakhala ndi thumba la mchenga pamiyendo, thukuta lili kamukamu, anthu a pamsika akudutsa n'kumamufunsa ngati mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Tsopano ndinene za silabu, chifukwa a komiti akuiona ngati simenti wamba. Che Jafali anayamba ntchito yawo pansi pa mtengo, padothi. Anaona kuti galimoto imodzi yomweyo ikaima apa ulusi ukunena zina, ikasunthira apo ukunena zina. Galimoto ikaima popendekeka imatsamira mbali imodzi, mawilo n'kugona, ndipo woyeza amayeza kupendekeka kwa nthaka, osati kwa galimoto. Dera lathu lino n'lamchenga, ndipo malo osalala enieni samera okha. Anapempha malo kwa komiti ya nthawi imeneyo, anakumba mpaka kupeza dothi lolimba, anatsira miyala n'kuisinja ndi manja awo. Pothira simenti sanakhulupirire levulo ya omanga. Anagwiritsa kapaipi koonekera mkati kodzaza madzi, akuyerekeza ngodya iliyonse ndi inzake. Ngodya ina itatsika pang'ono analamula kuti iswedwe, omanga akulumbira kuti diso la munthu silingaone kusiyana. Iwo anawayankha kuti galimoto ilibe maso, ili ndi kulemera.

Chaka chilichonse mvula ikatha ankatenga chidebe cha madzi n'kukhuthula pa silabuyo, pambali pa dzenje, ife tikuonerera. Madziwo ankangoima, osadziwa kolowera, mpaka dzuwa kuwamwa. Akatero ankati Alihamudulillahi, n'kubwerera kuntchito. Lole yolemera sinkaloledwa kukwerapo. Wowaza nkhuni, wosula makasu, wokhoma msomali, onse ankapitikitsidwa. Pangodya ya kumpoto ankasesa kawiri patsiku, chifukwa ndi pamene ankayala mkeka wawo wopemphererapo swala, ndipo nthawi ikakwana ankasiya galimoto ili pa jeke, mwini wake akuyang'ana wotchi.

Ine ankanditchula kuti a Kalaliki, chifukwa ndinagwirapo ukalaliki kunjanji ku Chipoka, ndipo sankalitchula dzinalo mwaulemu. Mkangano wathu woyamba unali wa pepala. Ndinawapempha kuti azindilembera zimene ayeza pa pikapu yanga, kuti ulendo wina tidzayerekeze. Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti avine.

"A Kalaliki, mukufuna kuyenda pa matayala kapena pa pepala?"

"Ndikufuna umboni, Che Jafali."

"Umboni mudzauona pa tayala mwezi wamawa. Likadyeka mudzanditukwane, pakamwa muli napo."

Ndinayamba kubwera ndi kope langa n'kumalemba ndekha, iwo akutchula manambala mokweza ngati akuitanira ogula pamsika kuti anthu andiseke.

Mkangano wachiwiri iwo ndiwo analakwa, ndipo ndilemba chifukwa ndi zoona. Pikapu yanga inayamba kukokera kumanzere. Anaiyeza, anati ili bwino. Ndinabwerera, anayezanso, anati vuto ndi dzanja langa, ati ndimayendetsa ngati ndikulemba kalata. Nditabweranso, a Lameki ananena chapansipansi kuti bwanji asinthanitse matayala akutsogolo. Atasinthanitsa, galimoto inayamba kukokera kumanja. Vuto linali tayala limodzi lopindika mkati, limene dzanja lotchuka lija silinalimve. Ndinadikira kuti apepese. Anangoti tayala limenelo ndinagula kwa akuba, n'kuitana galimoto yotsatira. Mpaka kumanda sanaitchulenso nkhaniyi, ndipo ine ndinkaitchula nthawi iliyonse tikakumana.

Koma chimene anthu a kuno amawakumbukira nacho, ena mowatamanda ena mowatukwana, ndi tsiku la ndowa, ukwati wa Chisilamu, wa mwana wawo wamkazi Asiyatu. Mkwati anali wa ku Chipoka, ndipo phwando linali komweko. Minibasi yonyamula mkwatibwi ndi amayi inali ya Swaleyi, amene pa nthawiyo anali atangoigula kumene ndipo ankayenda chifuwa chili patsogolo. M'mawa wa tsikulo anabwera nayo pa silabu itakongoletsedwa kale ndi nsalu ndi maluwa a pulasitiki. Che Jafali anali atavala mkanjo woyera watsopano, akungodutsa kuti akhome bokosi la zipangizo. Ine ndinali pomwepo chifukwa pikapu yanga inapemphedwa kunyamula mapoto ndi matumba a mpunga.

"Amalume," anatero Swaleyi, "tangoigwirani pang'ono. Chiwongolero chikunjenjemera ndikathamanga. Mphindi zochepa, amayi akudikira."

Akanakhala munthu wina akanati lero si tsiku la ntchito. Iwo anakwinya mkanjo n'kutsikira m'dzenje. A Lameki anagwedeza chiwongolero. Kenako tinamva mawu ochokera pansi.

"Swaleyi. Tatsika."

"Ndavala, amalume."

"Inenso ndavala. Tsika."

Ndinasuzumira nawo. Mutu wa thayirodi wa kumanzere unali utatheratu. Wina anauzenga ndi mphira ya chubu, mizere yambirimbiri, n'kumanga waya pamwamba kuti usatuluke m'malo mwake. Pa nati panalibe pini, panali msomali wopinda.

"Anamanga izi ndani?"

"Anyamata a pa siteji. N'zongoyembekezera, amalume. Mwezi wonse ndayenda nazo, Lilongwe kupita kubwera, palibe chachitika."

"Mwezi wonse wanyamula ana a eni pa mphira ya legeni?"

"Mawa ndigula chatsopano, wallahi. Lero lokha."

Che Jafali anaitanitsa sipanala ndi hamala. Swaleyi anatuluka m'dzenje akumwetulira, poganiza kuti amalume ake akukonza. Iwo anamasula chitsulocho, anakwera nacho, anachimanga pa vayisi yopanira zitsulo, n'kutenga sowo yodulira zitsulo. Pamene Swaleyi ankazindikira, sowo inali italowa kale theka. Anathamanga kuti awagwire mkono, koma a Lameki anaima pakati. Chitsulo chinagwa pansi zidutswa ziwiri. M'tauni monse munalibe china cha mtundu umenewo tsiku limenelo, chinayenera kuchokera ku Lilongwe.

Mbiri inafika kunyumba msanga kuposa njinga. Amayi anabwera gulu, atavala nsalu zofanana, akazi awo Abiti Wisiki ali patsogolo.

"Bambo a Asiyatu, mwapenga? Lero? Lero lenileni?"

"Galimoto iyi siyenda, Abiti."

"Siyenda chifukwa mwaidula ndinu! Inabwera ikuyenda yokha! Mwana wanu akafika bwanji kwa eni ake, pamutu panu?"

"Akafika mochedwa."

"Anthu aphika kuyambira dzulo! Atiyesa anthu otani?"

"Atiyese mmene afunira. Ndikaperekeza mwana ku ukwati, sindikatola mwana m'munda mwa chinangwa."

Mlongo wawo, mayi wake wa Swaleyi, anakhala pansi pa silabu pomwepo n'kuyamba kulira mokweza, akuti mchimwene wake wachitira nsanje mwana wake chifukwa wagula galimoto. Ena anayamba kuitana akabaza. Amayi anapita ku Chipoka m'magulumagulu, ena panjinga mpaka pamsewu waukulu, ena pa matola, nsalu zofanana zija zitadzaza fumbi. Mkwatibwi anakwera kutsogolo kwa pikapu yanga, mapoto akulira kumbuyo, ndipo analira msewu wonse. Tinafika dzuwa litapendeka, mpunga utazizira, akuchimuna atayamba kale kuimba nyimbo zonyoza. Che Jafali anafika pambuyo pa onse, mkanjo uli ndi girisi kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo, ndipo anakhala choncho pakati pa mashehe osachita manyazi.

Palibe amene angatsimikize kuti mphira ija ikanaduka tsiku limenelo. Swaleyi amanena mpaka lero kuti ikanafika n'kubwerera, ndipo mwina akunena zoona. Abiti Wisiki sanawayankhule amuna awo mpaka nyengo yokolola mpunga. Patapita nthawi ndinawafunsa chifukwa chake sanangokana ntchitoyo, mmalo mowononga chitsulo cha mwini. Anandiyankha kuti akanangokana, Swaleyi akanatembenuza galimoto n'kukanyamula amayi aja, iwo n'kutsala ndi manja oyera. Ankati kukana kumayeretsa wokanayo basi, sikuimitsa galimoto. Sindinagwirizane nawo pa zambiri, koma pa ichi ndinawavomereza.

Zaka zawo zomaliza miyendo inatupa, ndipo masitepe a m'dzenje anayamba kuwakanika. Ankakhala pampando wachitsulo m'mphepete mwa silabu, a Lameki ali pansi, iwo akulamula ndi ndodo. Anamva kuti ku Lilongwe kuli makina oyeza ndi magetsi, ndipo sanawanyoze. Anangofunsa ngati pansi pamene makinawo aima n'posalala, atauzidwa kuti inde, anati ndiye ali bwino. Anamwalira nyengo yotentha, mvula isanagwe. Pamaliro panadzaza madalaivala, ambiri a iwo anthu amene anathamangitsidwapo ndi mawu oipa. Swaleyi ananyamula jeneza, chithatha cha maliro, kutsogolo, ndipo analira mokweza kuposa ana a malemuwo.

Pa sadaka, wapampando wa komiti anaimirira pamaso pa anthu onse, Shehe ali pomwepo, n'kunena kuti malo a Che Jafali sadzasintha ntchito, silabu idzasungidwa, ndipo a Lameki apitiriza pomwepo. Ndinalemba mawuwo nthawi yomweyo, ndikugwiriziza pepala pabondo. Swaleyi anamva, sanatsutse, anadya mpunga n'kunyamuka. Kutacha a Lameki anapeza loko watsopano pa bokosi la zipangizo ndi minga itatchingidwa polowera galimoto. Swaleyi anawauza kuti zonse zimene amalume ake anamanga ndi za kubanja, ndipo munthu wobwera alibepo mawu. Munthu wobwera, amene anakhala m'dzenje limenelo zaka zambiri kuposa zimene Swaleyi wakhala ndi ndevu!

Ndinamupeza Swaleyi pa siteji mwezi wathawu, njerwa zitangotsitsidwa, ndipo ndinamufunsa pamaso pa anzake.

"Iwe Swaleyi, n'zoona ukufuna kuswa silabu ya amalume ako?"

"Madala, inu ndinu wachibale? Fuko lanu ndi liti pa nkhaniyi?"

"Ndikufunsa ngati munthu amene anamva lonjezo pa sadaka."

"Lonjezo analonjeza ndani, ine? Simenti imadyedwa? Okala amabweretsa kanthu, dzenje limabweretsa udzudzu."

"Malo omangapo okala ndi ambiri pamsika pano. Malo osalala ndi amodzi."

Apa anasiya kuseka. Anandiyandikira n'kunena motsitsa, koma anzake anamva. "Munalipo inu tsiku lija. Anandidulira chitsulo pamaso pa akazi. Mpaka lero ndikadutsa amati uyo wa malegeni. Hamala yoyamba ndidzamenya ndekha."

Ndiye a komiti asanamizire kuti nkhaniyi ndi ya chitukuko. Ndi munthu amene akufuna kubwezera wakufa, popeza wamoyo ankamuopa. Chimene chimandinyansa kwambiri si Swaleyi, chifukwa iye wanena poyera chimene chili mumtima mwake. Ndi amuna akuluakulu amene amakhala pamsonkhano mwezi ndi mwezi, kumwa tiyi, n'kumati nkhaniyi ndi ya kubanja akafunsidwa ndi ine, n'kumatinso ndi ya komiti akafunsidwa ndi Abiti Wisiki. Mlembi amati wapampando ndiye akudziwa. Wapampando amati akudikira mlembi. Onsewa galimoto zawo kapena za abale awo zinaimapo pa silabu imeneyo.

A Lameki ndi munthu wosayankhula, ndipo sadzalemba kalata. Anagula ulusi wawo, anabwereka masipanala, akugwirira pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu wopita kunyanja. Amayala matabwa pamchenga, koma matabwa amamira galimoto ikakwera, mbali ina kwambiri kuposa inzake. Amagona chagada pamchenga wotentha, munthu wa msinkhu umenewo, chifukwa palibe dzenje. Sabata yatha ndinaona dalaivala wa pikapu ya nsomba atabwerera, chiwongolero chitakhota galimoto ikuyenda molunjika.

"A Lameki, izi ndiye ziti? Kale simunkatere. Kapena nzeru zinapita ndi mdala uja?"

A Lameki anangoti, "Ikwezeni tiyezenso." Anayeza, ulusi unanena zina. Anaisuntha pang'ono, unanenanso zina. Dalaivala uja anapukusa mutu n'kunena kuti ulendo wina adzangopita ku Lilongwe. Atachoka, a Lameki anakhala pa tayala lakutha akukulunga ulusi, ndipo anandiuza kuti mvula ikayamba, mchenga ukanyowa, asiya. Akapita kumudzi kwawo kukalima chinangwa. Munthu ameneyu sanaiwale ntchito. Walandidwa pansi poimapo.

Dzulo ndinapitanso kukaona malowo. Mizati inayi imene inkanyamula denga idakaima, yopanda kanthu pamwamba. Silabu yonse yayalidwa usipa, ndipo amayi oyanikawo sindiwada, anauzidwa kuti malowo alibe mwini. Mafuta a nsomba alowa m'simenti, ntchentche zili ng'waa, fungo likukulandira usanakhote pangodya ya msika. M'dzenje mwadzaza mapepala a pulasitiki, makoko a chinangwa, mabotolo, matewera a ana ndi madzi obiriwira amene sauma. Masitepe awiri okha ndiwo akuoneka. Matumba a mchenga aja anang'ambika, agalu amagonapo. Pangodya ya kumpoto pali chikasu ndi fungo la mkodzo, chifukwa mulu wa njerwa wapanga kamthunzi kobisalira, ndipo amuna ochokera kumowa apeza pokhotera. Pamwamba pa njerwazo pagona hamala yaikulu ya mpini watsopano. Koma ndinayenda m'mbali monse, ndikukankha usipa ndi ndodo, ndipo sindinapeze mng'alu ngakhale umodzi. Silabuyo idakali yamoyo. Ikufuna tsache, fosholo ndi sopo basi. Ikaswedwa, palibe wina kuno amene adzathire inzake.

Choncho ine, amene ndakhala ndikulemba chaka chonse osayankhidwa, ndikupempha komiti ya amisiri a pamsika pathu kuti indiyankhe polemba, mvula isanagwe, mafunso awa. Kodi lonjezo limene wapampando ananena pa sadaka ya Che Jafali lidakalipo, kapena linafafanizidwa, ndipo ngati linafafanizidwa, pa msonkhano uti? Kodi a Lameki abwerere pa silabu, kapena anyamule katundu wawo azipita kumudzi? Munthuyo akuyenera kudziwa, kuti ngati n'kulima ayambe kusosa. Ndipo ngati komiti yavomera kuti silabu iswedwe, ndikupempha kuti chilolezocho chilembedwe, ndipo aliyense amene wavomera alembepo dzina lake ndi dzanja lake, mmodzimmodzi. Musandikuwire muli panjinga. Kwathu mukukudziwa, ndipo ndimakhala pakhonde.